Foni isanatayike: nuvem, palavra-passe, código ndi mmene mungakonzere akaunti yanu

Mafunso amene anthu amabwera nawo kwa ine amaoneka osiyana, koma gwero lake ndi limodzi. Wina foni yake yabedwa pa msika wa ku Ulónguè ndipo akufuna zithunzi za ana ake. Wina wagula foni yatsopano, koma manambala a anthu amene amamugula kachewere sakuoneka. Wina WhatsApp yake yalandidwa, ndipo munthu wosadziwika akupempha ndalama kwa abale ake m'dzina lake. Ndikafunsa kuti akaunti yanu ya Google ndi iti, yankho limakhala lakuti, "Anandikonzera ndi mnyamata amene anandigulitsa foni." Zikafika pamenepo, zambiri sizibwezeka. Ndalemba izi kamodzi kuti inu amene foni ikadali m'manja muchitepo kanthu lero lomwe.

Mafoni ambiri kuno amalemba Chipwitikizi, ena ochokera ku Malawi amalemba Chingerezi, choncho mawu ndiziwatchula monga mmene amaonekera pa foni. Mayina a mabatani amasiyanako pakati pa Tecno, itel ndi Samsung, koma ntchito yake ndi yomweyo. Khalani ndi kope ndi cholembera pafupi, komanso mamega okwanira.

1. Dziwani kumene zinthu zanu zikukhala

Chithunzi chimene mwajambula chikhoza kukhala malo atatu. Oyamba ndi mkati mwa foni momwemo, malo amene amalembedwa kuti armazenamento interno kapena internal storage. Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, zonse za m'menemo zapita. Achiwiri ndi memory khadi, cartão SD, limene mumalowetsa m'mbali. Achitatu ndi seva. SIM musaiwerengere: imasunga manambala ochepa chabe, zithunzi ndi mauthenga a WhatsApp sizikhalamo. Ambiri amachotsa SIM n'kuika mu foni yatsopano poganiza kuti asamutsa zonse, chonsecho asamutsa nambala yokha.

Seva, imene pa Chipwitikizi amati servidor, ndi kompyuta yosazimitsidwa imene ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kuzipereka kwa wozipempha kudzera pa intaneti. Makompyuta oterewa amakhala ambirimbiri m'nyumba zazikulu zoziziritsidwa zotchedwa data centre. Foni ikalemba kuti nuvem kapena cloud, ikunena makompyuta amenewa, a makampani monga Google, Apple ndi Microsoft.

Tiyerekeze ndi nyumba yosungiramo katundu imene mwapatsidwamo chipinda. Mlonda wake sadziwa nkhope yanu, sadziwa mfumu ya kwanu, ndipo samva madandaulo. Amatsegulira aliyense wobwera ndi kiyi woyenera, ndipo inuyo mukabwera chimanjamanja akubwezani ngakhale katundu yense ndi wanu. Chipindacho ndiye akaunti, conta. Zonse zimene ndilembe m'munsimu ndi za makiyi ake.

Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, ndipo malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. A iPhone amapatsidwa 5 GB ku iCloud. Apa ambiri amasokonezeka chifukwa mamega amene mumagula ku Movitel, Vodacom kapena Tmcel amawerengedwanso mu MB ndi GB. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mamega ogula ndi olipirira ulendo wa chithunzi kuchoka mu foni kukafika ku seva. 15 GB ija ndi malo amene chithunzicho chikakhale. Foni ikakuuzani kuti armazenamento cheio, kugula mamega ena sikuthandiza. Muyenera kufufuta zina kapena kuzisamutsa.

2. Pezani dzina la akaunti yanu

Tsegulani Definições, mafoni ena amati Configurações kapena Settings, kenako dinani Google. Pamwamba muona adiresi yothera ndi @gmail.com. Ilembeni mu kope chilembo ndi chilembo, kuphatikiza madontho ndi manambala. Limeneli ndi dzina la akaunti, ndipo si lachinsinsi. Mukapeza maakaunti awiri kapena atatu, alembeni onse, chifukwa mwina manambala a anthu ali ku ina, zithunzi ku inzake.

3. Landani akaunti kwa amene anakutsegulirani

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo malangizo ambiri amadumphapo chifukwa amaganiza kuti aliyense anatsegula yekha akaunti yake. Kuno si choncho. Munthu amagula foni, wogulitsa kapena mdzukulu amamutsegulira Gmail mwachangu kuti WhatsApp ilowe, ndipo mwini foni amachoka asakudziwa mawu achinsinsi.

Mawu akuti autenticação, kapena authentication, akutanthauza njira imene seva imatsimikizira kuti wogogodayo ndi mwini akaunti. Imagwiritsa ntchito zinthu za mitundu itatu: chimene mukudziwa, monga palavra-passe kapena PIN, chimene muli nacho, monga SIM kapena foni yeniyeniyo, ndi chimene chili pa thupi lanu, monga chidindo cha chala kapena nkhope. Palavra-passe, senha ndi password ndi chinthu chimodzi, mawu achinsinsi olowera mu akaunti. Munthu wina akakhala kuti ndiye akudziwa palavra-passe, ndipo nambala yolandirira mauthenga a akauntiyo ndi yake, seva imamuona iyeyo kuti ndiye mwini, inu ayi.

Dziwaninso ichi. Seva yoyendetsedwa bwino sisunga palavra-passe monga mmene munailembera. Imaisandutsa mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala wotchedwa hash, umene subwezedwa kukhala mawu oyamba aja. Mukalemba palavra-passe, seva imaisandutsanso n'kuyerekeza ndi imene inasunga. N'chifukwa chake palibe wantchito wa Google kapena Facebook amene angakuwerengereni palavra-passe yanu mukaiwala. Chimene chimatheka ndi kuika yatsopano basi. N'chifukwa chakenso aliyense wokuimbirani kuti mumuuze palavra-passe kuti "akonze akaunti" ndi wakuba.

Chitani motere, foni ili m'manja mwanu ndiponso ili pa intaneti. Mu Definições dinani Google, kenako Gerir a sua Conta Google, kenako Segurança. Pezani Palavra-passe. Foni ikufunsani kuti mutsimikize kuti ndinu, mwina ndi palavra-passe yakale, mwina ndi loko wa pa sikirini. Ngati amene anakutsegulirani akuikumbukira, pitani kwa iye mwaulemu akakuuzeni, koma yatsopano mukaike nokha iye asakuona. Ngati waiwala, dinani Esqueceu-se da palavra-passe pa foni yomweyo. Musayesere pa foni ya mnzanu. Google imakhulupirira kwambiri foni imene yakhala ikulowa mu akauntiyo nthawi yaitali, ndiye mwayi wanu ndi waukulu panopa kusiyana ndi tsiku limene foniyo idzakhale itasowa.

Palavra-passe yatsopano ikhale yaitali. Google imalola zilembo 8, koma ine ndimalangiza 12 kapena kuposerapo. Tengani mawu anayi a Chichewa osagwirizana, muwalumikize, muikepo manambala angapo. Musaike chaka chobadwa, dzina la mwana, dzina la mudzi kapena nambala ya foni, chifukwa amene angafune kukuberani nthawi zambiri ndi munthu wokudziwani. Musagwiritsenso ntchito palavra-passe yomweyo ku Facebook; imodzi ikabedwa, akuba amakaiyesa kwina konse. Ena amati kulemba pa pepala n'kulakwa. Ine sindigwirizana nawo. Anthu otaya maakaunti chifukwa choiwala ndi amene ndimakumana nawo kwambiri. Lembani mu kope, kopelo likhale kumene mumasunga BI, chiphaso cha unzika, ndi masatifiketi, osati kuseri kwa chikuto cha foni.

Musatuluke msanga mu Segurança, ntchito siinathe. Yang'anani número de telefone de recuperação ndi email de recuperação. Imeneyi ndi nambala ndi imelo kumene Google imatumiza uthenga mukaiwala palavra-passe. Nthawi zambiri mumapezeka nambala ya wogulitsa uja, kapena SIM imene munataya kalekale. Mukasintha palavra-passe yokha n'kusiya nambala yake pamenepo, iye akhoza kulowanso tsiku lililonse. Ikanipo yanu. Google ikhoza kupitiriza kutumiza código, manambala otsimikizira obwera pa SMS, ku nambala yakale kwa masiku 7 mutasintha, choncho sabata ikatha bwererani mukaone ngati zonse zili m'malo. Kenako tsegulani Os seus dispositivos. Pamenepo pali mafoni ndi makompyuta onse olowa mu akaunti yanu. Chimene simukuchidziwa, chidineni n'kusankha Terminar sessão.

Nthawi zina mupeza kuti wogulitsa anaika akaunti yake imodzi m'mafoni a makasitomala ambiri. Chizindikiro chake n'chakuti mumaona manambala kapena zithunzi za anthu osawadziwa. Akaunti yotereyi musalimbane nayo. Tsegulani yanu yatsopano. Pitani ku Contactos, sankhani Exportar kuti manambala onse alowe mu fayilo yothera ndi .vcf, kenako Importar kuti alowe mu akaunti yanu yatsopano. Mukatsimikiza kuti afika, ndi pamene muchotse akaunti yakale mu foni.

Pali chifukwa china chochitira zimenezi mwachangu. Kuyambira pa Android 5.1, foni ikafufutidwa yonse akaunti isanachotsedwe bwino, poyakanso imafuna akaunti ya Google imene inalimo. Chitetezo chimenechi okonza mafoni amachitchula FRP. Chinaikidwa kuti foni yakuba ikhale yopanda ntchito, koma chimatsekeranso eni ake osadziwa palavra-passe. Pogula foni yakale, wogulitsa achotse akaunti yake inu mukuona, ndipo muikemo yanu musanapereke ndalama.

4. Nambala yanu ya foni ndi kiyi, isamaleni

Maakaunti ambiri amamangidwa pa nambala: WhatsApp, Facebook, Google, M-Pesa, e-Mola, mKesh. Ndalama za M-Pesa sizikhala mu SIM, zimalembedwa pa seva ya kampani, ndipo SIM pamodzi ndi PIN ndi zimene zimatsegula. SIM ikasowa ndalama sizinasowe, bola mukhale ndi njira yobwezera nambala.

Njira imeneyo ndi segunda via, SIM yatsopano ya nambala yomweyo. Ku shopu ya kampani amaipereka kwa munthu amene dzina lake linalembetsedwa pa nambalayo, ataonetsa chiphaso. Tsono dzifunseni: SIM yanu inalembetsedwa m'dzina la ndani? Ngati munaigula pa msewu italembetsedwa kale, kapena munagwiritsa ntchito BI ya amalume anu, pitani ku shopu ya kampaniyo ndi chiphaso chanu mukakonze zimenezi SIM isanasowe.

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè tili ndi vuto lathulathu. Ambiri tili ndi SIM ziwiri, ya Mozambique yoyamba ndi +258 ndi ya Airtel kapena TNM yoyamba ndi +265, chifukwa timadutsa pa Calómuè kupita ku Dedza kapena pa Zóbuè kupita ku Mwanza, ndipo midzi ina ya m'malire imagwira bwino netiweki ya kutsidya. Munthu amatsegula akaunti ndi nambala ya ku Malawi ali pa ulendo, kenako SIM ija amaiponya mu chikwama. Tsiku lofuna código, uthenga umapita ku SIM imene sikugwira netiweki kumene iye ali. Choipa kwambiri n'chakuti makampani amatseka nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito n'kuipereka kwa munthu wina, ndipo mauthenga a akaunti yanu amayamba kufika kwa mlendo. Sankhani nambala imodzi imene imagwira kunyumba kwanu, yolembetsedwa m'dzina lanu, imene mumaikamo kirediti kawirikawiri. Imeneyo ndiyo ikhale pa maakaunti onse. Polemba, onetsetsani kuti dziko ndi lolondola: manambala a Tmcel amayamba ndi 82 kapena 83, a Vodacom 84 kapena 85, a Movitel 86 kapena 87, onse pambuyo pa +258.

Ikani PIN pa SIM yeniyeniyo, mu Definições pamene alemba kuti Bloqueio do cartão SIM. Popanda imeneyi, wakuba amangochotsa SIM n'kuika mu foni yake n'kuyamba kulandira ma código anu, ngakhale foni yanu inali yokhoma. Samalani poika: mukalakwitsa PIN katatu SIM imatsekeka n'kufuna PUK ya manambala 8, imene imakhala pa khadi lalikulu lija mumathyolapo SIM. PUK mukailakwitsa ka 10, SIM yafa. Musalote manambala. Ndipo tsiku lina foni yanu ikangoti netiweki palibe pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, musadikire mawa. Mwina wina watulutsa segunda via ya nambala yanu mwachinyengo.

5. Yatsani chitseko chachiwiri, ndipo lembani manambala osungira

Validação em dois passos, kapena 2-Step Verification, ikutanthauza kuti palavra-passe payokha sikukwanira. Seva ifunanso chimene muli nacho. Kawirikawiri imatumiza código ya manambala 6 pa SMS. Código yotereyi amaitchula OTP: imagwira ntchito kamodzi ndipo imatha mphamvu pakapita nthawi yochepa. Mupeza batani lake mu Segurança momwe muja.

SMS imafuna netiweki, ndipo ku minda ya ku Macanga kapena Chifunde si paliponse pamene imagwira. Pali pulogalamu monga Google Authenticator imene imapanga yokha código mu foni, yatsopano pa masekondi 30 alionse, popanda netiweki kapena mamega. Imadalira wotchi ya foni, ndiye ikani deti ndi nthawi pa automático. Wotchi ikatsalira, ma código onse amakanidwa. Mafoni atsopano amakufunsaninso ngati mukufuna chave de acesso, passkey. Imeneyi imakulowetsani ndi chala kapena loko wa pa sikirini m'malo molemba palavra-passe. Chidindo cha chala chanu sichipita ku seva, chimakhala mu foni. Ndi yabwino, ivomereni, koma musaiwale palavra-passe chifukwa cha iyo.

Tsopano taganizirani. Mwayatsa chitseko chachiwiri, ndiye foni yabedwa pamodzi ndi SIM. Código mukailandirira pati? Anthu ambiri amadzitsekera okha panja pa chifukwa chimenechi, kenako amauza anzawo kuti validação ndi yoipa. Si yoipa, anadumpha gawo limodzi. Pa tsamba lomwelo pali códigos alternativos, pa Chingerezi backup codes. Google imapereka 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi m'malo mwa SMS. Ilembeni yonse ndi dzanja mu kope lija. Musaijambule ndi foni yomweyo, chifukwa chithunzicho chidzapita ndi foni, ndipo chidzakhala mkati mwa akaunti imene mukulephera kutsegula. Mukagwiritsa ntchito imodzi, ikhwatcheni. Mukapempha ina yatsopano, yakale yonse imafa.

6. WhatsApp ili ndi malamulo akeake

WhatsApp siidalira palavra-passe, imadalira nambala. Amene walandira código ya manambala 6 pa SMS ndiye walowa. Akuba amadziwa zimenezi. Amalemba nambala yanu mu foni yawo, código imabwera kwa inu, kenako amakulemberani, nthawi zina kudzera mu akaunti ya m'bale wanu imene alanda kale: "Achimwene, ndatumiza manambala kwa inu molakwitsa, tandibwezerani." Mukatumiza, WhatsApp yanu yapita. Código yofika pa foni yanu ndi yanu nokha. Musapatse m'busa, mphunzitsi, mwana wanu, ngakhale woimba amene akuti ndi wa kampani. PIN ya M-Pesa ndi e-Mola chimodzimodzi.

Tsegulani WhatsApp, Definições, Conta, Confirmação em dois passos. Ikani PIN ya manambala 6 yosiyana ndi ya ndalama, ndipo muikepo imelo yanu. Mukaiwala PIN popanda imelo, mudzadikira masiku 7. Onaninso Dispositivos associados. Ngati pali kompyuta imene simukuidziwa, wina akuwerenga mauthenga anu, ichotseni.

Mauthenga akafika kwa inu, WhatsApp siwasunga pa seva yake. Amakhala mu foni, ndipo amapulumuka pokhapokha ngati pali cópia de segurança, backup, ku Google Drive. Pitani ku Definições, Conversas, Cópia de segurança, muone deti la cópia yomaliza. Ambiri amadabwa kupeza kuti ndi la chaka chatha, kapena palibiretu. Chifukwa chake n'chakuti foni imadikira Wi-Fi, pamene ambiri kuno Wi-Fi sitikhala nayo. Yatsani batani lolola dados móveis, kutanthauza mamega a pa SIM, kapena muzidina nokha batani la cópia tsiku limene mwagula mamega ambiri. Mavidiyo asiyeni kunja, chifukwa amadya mamega, ndipo kuyambira 2024 cópia ya WhatsApp pa Android imawerengedwa mu 15 GB ija. Pobwezeretsa mu foni yatsopano pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo, ndipo funso lakuti Restaurar limabwera poikamo WhatsApp. Mukalidumpha, muyenera kuichotsa n'kuyambiranso.

Pali batani lina la cópia encriptada. Encriptação ndi kusokoneza zolembedwa kuti wopanda kiyi asaziwerenge, ngakhale Google yomwe. Mukasankha kuitseka ndi palavra-passe kapena ndi kiyi wa zilembo 64, n'kudzataya zimenezo pamodzi ndi foni, palibe angakutsegulireni. Yatsani mutalemba kale mu kope.

7. Sincronização si cópia de segurança

Sincronização, sync, imachititsa kuti za mu foni ndi za pa seva zizifanana. Mukawonjezera nambala kuno, iwonjezekanso uko. Mukafufuta kuno, ifufutikanso uko. Anthu amafufuta zithunzi mu Google Photos kuti apeze malo, akuganiza kuti ku nuvem zitsala, kenako amapeza zapita konsekonse. Pofuna malo mu foni gwiritsani ntchito batani la Libertar espaço, limene limachotsa mu foni zithunzi zokhazo zimene zafika kale ku seva. Mukafufuta mwangozi, thamangirani ku Lixo: Google Photos imasunga masiku 60 zithunzi zimene zinali ndi cópia, Google Drive masiku 30. Google Photos nayonso imadikira Wi-Fi mukapanda kuiuza kuti igwiritse ntchito mamega.

Zinthu zofunika kwambiri, monga zithunzi za BI, NUIT (nambala ya msonkho), masatifiketi a sukulu, mapepala a DUAT ya munda ndi makontrakiti a fodya, zikhale malo atatu: mu foni, ku nuvem, ndi pa flash kapena memory khadi losungidwa m'nyumba. Makhadi otchipa a pa msika ena amalembedwa malo ambiri kuposa amene ali nawo, ndipo akadzadza amawononga mafayilo mwakachetechete. Mukakopera, tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutseguka. Kumbukiraninso kuti kuyambira December 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito.

8. Pa kompyuta ya wina

Mukalowa mu Gmail pa malo osindikizira mapepala, seva imapatsa kompyutayo kachizindikiro kotchedwa cookie kuti isamakufunseni palavra-passe pa tsamba lililonse. Nthawi imene mwalowayo ndiyo sessão. Kutseka windo sikuthetsa sessão. Wobwera pambuyo panu apeza akaunti ili pululu. Dinani Terminar sessão, ndipo kompyuta ikafunsa ngati isunge palavra-passe, kanani.

Adiresi yoyamba ndi https imangosonyeza kuti zimene mukulemba zikuyenda zobisika pa njira. Sikutsimikiza kuti mwini tsambalo ndi wachilungamo. Tsamba labodza lofanana ndi la Facebook kapena la banki, limene linki yake imabwera ndi lonjezo la mamega aulere kapena ntchito, ndi limene amati phishing. Werengani adiresi musanalembe chilichonse. Mapulogalamu nawonso amapempha permissões, chilolezo chofika ku manambala, SMS kapena zithunzi. Pulogalamu ya tochi kapena ya nyimbo ikapempha kuwerenga SMS, ikanizeni, chifukwa mu SMS ndi mmene ma código anu amafikira.

9. Yesani lero, ndipo dziwani zochita tsiku lotaya foni

Bwerekani foni ya munthu wa m'nyumba mwanu, yanu muiike patali. Tsegulani Chrome pa janela anónima, windo losasunga zimene mwalowamo, lowani mu Gmail pogwiritsa ntchito zokhazo zimene zili mu kope: dzina, palavra-passe ndi código imodzi mwa 10 zija. Mukalowa, onani ngati manambala ali pa contacts.google.com ndi zithunzi pa photos.google.com, kenako Terminar sessão. Mukalephera, ndiye kuti munalemba molakwika penapake, ndipo mwazindikira foni ikadalipo yokonzera. Pomaliza imbani *#06# pa foni yanu. Ituluka IMEI ya manambala 15, nambala ya foni yeniyeniyo. Mafoni a SIM ziwiri amakhala ndi ziwiri. Ilembeninso mu kope.

Foni ikadzasowa, yambani ndi SIM. Imbirani kampani pa foni ya wina kuti aitseke, ndipo pitani ndi BI mukatenge segunda via. Chachiwiri, lowani mu akaunti ya Google pa foni ina ndi código ya mu kope, mutsegule google.com/android/find. Ngati foni yotayikayo ili pa intaneti, mukhoza kuona dera limene ili, kuikhoma kapena kuifufuta. Musapite nokha kukailanda. Chachitatu, sinthani palavra-passe ndipo muchotse foniyo pa Os seus dispositivos. Chachinayi, SIM yatsopano ikayamba kugwira, ikani WhatsApp mu foni ina ndi nambala yomweyo; mukangolowa, ya mu foni yobedwayo imatuluka yokha. Sinthani PIN ya M-Pesa kapena e-Mola, dziwitsani abale kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu m'masiku amenewo, kenako pitani ku polisi, ku esquadra, ndi IMEI ija mukapereke dandaulo.